Germantown: Mudzi wa Ajeremani, wa Abale, Kapena wa Amphawi?

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Philadelphia, m'dziko la America, kuli dera lotchedwa Germantown, ndipo munthu wongomva dzinali angafulumire kuweruza kuti nkhani yake njosavuta, popeza m'Chingerezi litanthauza mudzi wa Ajeremani. Koma amene analitcha, Francis Daniel Pastorius, katswiri wa malamulo ndi wodziwa malilime ambiri, sanali munthu wotchula dzina mwachisawawa.

Pa 6 Okutobala 1683, chombo chotchedwa Concord chinakocheza pa Philadelphia chitanyamula mabanja 13 ochokera ku Krefeld, anthu oomba nsalu za bafuta, amene anatsata lonjezo la William Penn lakuti m'dziko lake la Pennsylvania yense adzapembedza monga umuuzira mtima wake. Makolo awo anali Amenonaiti, otsata chiphunzitso cha Menno Simons, wansembe wa ku Friesland amene anatuluka m'mpingo wa Katolika mu 1536, okana kubatiza makanda, kulumbira ndi kusenza zida za nkhondo. Komabe pofika nthawi ya ulendowu ambiri a iwo anali atalowa m'gulu la Quaker, ndipo Jan Lensen ndiye anakhalabe pa chikhulupiriro cha makolo. Mwezi womwewo anachita maere ogawirana malo, atasonkhana m'phanga limene Pastorius ankagonamo m'mbali mwa mtsinje wa Delaware.

Tsono Pastorius analemba yekha kuti dzinali lili ndi matanthauzo awiri, mudzi wa Ajeremani ndiponso mudzi wa abale, pakuti m'Chilatini mawu akuti germanus amanena mbale wa bere limodzi. Kwa ine tanthauzo lachiwirili ndilo linkawayenera koposa, chifukwa Ujeremani wawo unali wokayikitsa: Krefeld anali pafupi ndi malire a Holland, pansi pa ufumu wa banja la Orange, ndipo mayina onga Op den Graeff amveka Chidatchi chokhachokha. Ubale ndiwo unali woonekeratu, popeza mabanja ambiri mwa amenewa anali olumikizana pa magazi ndi pa maukwati, ndipo zaka zoyambazo a Quaker ndi Amenonaiti ankapempherera pamodzi m'nyumba za anthu. Ubale womwewo anautambasulira patali mu 1688, pamene anthu anayi a m'mudzimo, Pastorius ndi abale awiri a Op den Graeff ali m'kati, analemba kalata yodzudzula ukapolo wa anthu akuda.

Koma walira mvula walira matope. Ufulu anaupezadi, nalowa nawo m'nyengo yachisanu yoyamba alibe chakudya chokwanira ngakhale ndalama, kotero kuti anthu ena anayamba kuutcha mudziwo Armentown, ndiko kuti mudzi wa amphawi, mawu ofanana kamvekedwe ndi dzina lenileni. Pastorius sanachite nalo manyazi dzina lachipongweli, analilemba m'buku la malo pamodzi ndi enawo. Ndipo linazilala lokha nsalu zitayamba kugulidwa.

Mpingo wa Amenonaiti unakula mwakachetechete pakati pa zonsezi. Atabwera ena a chikhulupiriro chawo anayamba kusonkhana paokha, nasankha William Rittenhouse kukhala mlaliki wawo woyamba, amenenso anamanga malo opangira mapepala mu 1690. Chaka cha 1708, chimene Rittenhouse anatsikira kulichete, anamanga kanyumba kopemphereramo ka mitengo nachita ubatizo ndi mgonero woyamba, ndipo mu 1770 anamanga pamalo pomwepo nyumba yamiyala imene ilipobe pa msewu wa Germantown Avenue.

Tanthauzo loyamba lija linadzakwaniritsidwa pambuyo, Ajeremani a mipingo ya Lutheran, Reformed ndi Brethren atayamba kufika mwaunyinji, nameza timabanja ta ku Krefeld tija. Mudziwo nawonso unamezedwa ndi Philadelphia mu 1854, ndipo lero ambiri mwa okhala m'Germantown ndi Aamerika akuda.