Kuchepetsa phokoso la nsinga ya uta wosakira nyama

Kuchepetsa phokoso la nsinga ndi luso limene alenje osaka ndi uta amagwiritsa ntchito kuti uta usalire kapena kunjenjemera kwambiri muvi ukangochoka. Lusoli ndi lofala ku United States ndi ku Canada, kumene madera ambiri ali ndi nyengo yapadera yosakira ndi uta nyama monga mbawala zotchedwa white-tailed deer.

Gwero la phokoso

Mlenje akakoka nsinga, mphamvu imasungika m'mbali ziwiri za uta zimene zimapindika. Akaisiya, mphamvu yambiri imalowa mu muvi, koma yotsala imagwedeza nsinga, utawo ndi zonse zomangidwapo. Kugwedezeka kumeneku ndiko kumamveka ngati phokoso, ndipo mlenje amakumvanso m'dzanja logwirira uta. Motero phokoso ndi mphamvu imene muvi sunatenge. Uta ukawombedwa wopanda muvi, mphamvu yonse imabwerera pa uta ndipo ukhoza kuthyoka.

Kufunika kwake

Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mu mpweya wa madigiri 20. Muvi wa uta wa mawilo wotchedwa compound, umene Holless Wilbur Allen wa ku Missouri analandira chiphaso cha umwini wake mu 1969, umayenda mamita apakati pa 80 ndi 100 pa sekondi. Nyama ikakhala pa mtunda wa mamita 20, phokoso limafika pa masekondi 0.06, pamene muvi umatenga masekondi 0.2 kapena kuposerapo. Mbawala ikadzidzimuka imayamba yatsitsa thupi kuti idumphe, ndipo muvi umadutsa pamwamba kapena kuilasa pamalo posapha msanga. Nyama yotere imathawa ndi bala n'kukafera kutali osapezeka. Popeza palibe muvi umene ungapitirire phokoso, alenje amayesetsa kuti likhale lochepa.

Zomangirira pa nsinga

Njira yakale ndi kumangirira timizere ta chikopa chaubweya cha katumbu kapena cha nyama yotchedwa beaver, kapenanso timitolo ta ulusi wa ubweya wa nkhosa. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito tizingwe ta labala totchedwa cat whiskers, chifukwa sitimwa madzi mvula ikagwa. Zimenezi zimaikidwa ziwiri, china kumtunda china kumunsi. Kuchokera kunsonga, malo ake amakhala pa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a utali wa nsinga. Zimamwa kunjenjemera kotero kuti nsinga imasiya kulira msanga.

Zoikidwa pa uta

Pa mbali zopindika za uta amamatapo timalabala tofewa, monga ta LimbSaver. Mauta ambiri a compound ali ndi kamtengo kokhala ndi labala kunsonga, kamene kamaimitsa nsinga ikabwerera pamalo pake. Ndodo yolemera yomangidwa kutsogolo kwa uta, yotchedwa stabilizer, imachepetsa kugwedezeka kofika m'dzanja. Pa uta wa recurve, umene nsonga zake zimapindikira kutsogolo, nsinga imamenya uta pobwerera, choncho amakulunga ulusi pa nsinga kapena kumata kansalu kofewa pamalopo.

Muvi ndi kasamalidwe

Muvi wolemera umatenga mphamvu yochuluka, motero uta umalira pang'ono. Mtunda wa pakati pa nsinga ndi chogwirira ulinso ndi gawo: ukachepa kwambiri uta umasokosa, ndipo pa uta wa recurve mlenje amauwonjezera popota nsinga. Nsinga ya ulusi wa Dacron imatanuka, ndipo kawirikawiri siilira ngati ya Dyneema. Nthawi zina phokoso silichokera ku nsinga koma ku timabawuti tokhwepa kapena ku phodo lomangidwa pa uta.

Kuipa kwake

Njira zambiri mwa izi zimachepetsa liwiro la muvi. Chilichonse chomangidwa pa nsinga chimailemeretsa, makamaka chikakhala pafupi ndi pakati, ndipo muvi wolemera umatsika msanga pa mtunda wautali. Alenje ambiri amalola kutaya liwiro pang'ono, popeza nyama zambiri zosakidwa ndi uta zimalasidwa zili pafupi. Uta ukasinthidwa chilichonse, umayenera kuyesedwanso pa chandamale, chifukwa malo amene muvi umafikira akhoza kusintha.