Amayi ndi Utsogoleri m'Chipembedzo cha Baha'i

Chipembedzo cha Baha'i chidayambira ku Iran ndipo adachikhazikitsa ndi Baha'u'llah (1817–1892). Kuno kwathu chidafika mu 1953, ndipo bungwe lake loyang'anira dziko lonse la Malawi lidasankhidwa koyamba mu 1970. Si gulu la Chisilamu ayi. Ife Asilamu timakhulupirira kuti Mtumiki Muhammad (SAW) ndiye womaliza, monga momwe Qur'an 33:40 ikunenera, pomwe iwo amati pambuyo pake padabwera mtumiki wina.

Chiphunzitso chawo

A Baha'i amaphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Abdu'l-Baha, mwana wa Baha'u'llah, adayerekeza awiriwa ndi mapiko a mbalame, yomwe singauluke phiko limodzi litafooka. Amanenanso kuti banja likalephera kuphunzitsa ana onse, liyambe ndi wamkazi chifukwa iye ndiye adzakhale mphunzitsi woyamba wa ana ake. Amakumbukira kwambiri Tahirih, mayi wolemba ndakatulo yemwe adaonekera pamsonkhano wa ku Badasht mu 1848 osaphimba nkhope, ndipo adaphedwa mu 1852.

Mmene amasankhira atsogoleri

Alibe mashehe kapena abusa. M'dera lililonse lomwe muli okhulupirira akuluakulu osachepera 9, amasankha bungwe la anthu 9 chaka ndi chaka. Voti imakhala yachinsinsi, popanda kutchula mayina a opikisana kapena kuchita kampeni. Bungwe la dziko nalonso limakhala la anthu 9. M'mabungwe onsewa mayi atha kusankhidwa, ngakhale kukhala wapampando. Amayi amakhalanso alangizi oyang'anira zigawo zikuluzikulu za dziko lapansi.

Pomwe pali malire

Bungwe lalikulu koposa, la Universal House of Justice, lili ku Haifa m'dziko la Israel. Lidasankhidwa koyamba mu 1963 ndipo chisankho chake chimachitika zaka 5 zilizonse. Mamembala ake 9 amakhala amuna okhaokha, ngakhale amayi amavota nawo. Iwo amati malemba awo ndiwo adalamula chomwecho ndipo chifukwa chake chidzadziwika mtsogolo. Ena amawatsutsa kuti izi sizigwirizana ndi kufanana komwe amalalikira.

Makolo, ana athu amakumana ndi nkhani zoterezi kusukulu ndi pa intaneti. Akafunsa, tiwayankhe zoona, mopanda kunyoza, kenako tiwauze za Khadija ndi Aisha (RA), ndi kuti kufunafuna maphunziro ndi udindo wa Msilamu aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe.