Mizere ya m'kati mwa mfuti: kuchokera pa gogodera kufika pa .303

Zina mwa mfuti zoyamba kufika kumapiri a Dowa ndi Ntchisi zinakwera mtunda kuchokera kunyanja. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, Salim bin Abdallah, amene anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840. Zombo zake zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo, pobwerako zitasenza nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti. Zambiri mwa mfuti zoterezi zinkasulidwa ku Birmingham ndi ku Liège, zotchipa dala, zoti zikagulitsidwe ku Africa. Amenewa ndiwo makolo a gogodera.

Nthawi imeneyo dera lino silinkagona tulo. Angoni a Chiwere anadzakhazikika ku Dowa, ndipo Achewa ambiri ankathawira m'mapiri, ena m'nkhalango yowirira ya phiri la Ntchisi. Angoni ankadalira nthungo ndi chishango, ndipo pankhondo yoyandikana gogodera sankawaopsa kwenikweni, chifukwa munthu akawomba kamodzi ankayenera kuima n'kuyambanso kuthira wonga mdani akuthamangira komweko. Koma mfuti zikachuluka kuseri kwa linga, nkhani inkasintha. Mfumu Mwase ya ku Kasungu inalimba chifukwa cha zimenezo.

Mwini gogodera aliyense ankadzikonzera yekha mphamvu ya mfuti yake. Wonga ankauyeza pachikhatho, n'kuuthira kukamwa kwa mfuti, n'kutsendera ndi kamtengo kapena kachitsulo. Chipolopolo chinali chilichonse cholowa: mtovu ngati ulipo, zidutswa za chitsulo zochokera kuchipala, ngakhale timiyala. Wofuna njati kapena njovu ankawonjezera wonga ndi kulemera kwa chitsulo, ndipo malire ake ankawadziwa mfuti ikamuphulikira m'manja. Alenje ambiri anataya zala mwanjira imeneyi. Komabe luso linalipo, lophunziridwa kwa atate kapena kwa amalume, ndipo mlenje ankaidziwa mfuti yake kuti imakonda mlingo wotani.

Chimene luso lonselo silikanatha kukonza ndi mpope wa mfutiyo. M'kati mwake munali see, mosalala. Chipolopolo chinkatuluka chikugubuduzika mmene chafunira, ndipo chikapitirira mayadi 50 kapena 100, kumene chikagwere kunali kwamwayi. N'chifukwa chake mlenje wa gogodera ankakwawa mpaka kumva fungo la nyama.

Ku Ulaya anali atadziwa kale mankhwala ake. Ankajoba mizere yozungulira m'kati mwa mpope kuti chipolopolo chizituluka chikuzungulira, ndipo chozungulira sichigwa chammbali, monga nguli imene ana amaikwapula pabwalo imaima chilili ikamazungulira mwamphamvu. Funso lovuta linali lakuti mizereyo ipotoke motani. Mfuti ya Enfield ya 1853 inkazungulitsa chipolopolo kamodzi pa mainchesi 78, pafupifupi mamita awiri. Martini-Henry, imene asilikali a Britain analandira mu 1871, inali ndi mizere 7 yomaliza kuzungulira pa mainchesi 22 okha, ndipo inkaponya mtovu wolemera magalamu 31.

Mu 1879 katswiri wa masamu George Greenhill, amene ankaphunzitsa akuluakulu a mizinga ku Woolwich, anaika nkhaniyi m'masamu osavuta: kukula kwa chipolopolo uchulukitse ndi kukula komweko, uchulukitsenso ndi 150, kenaka ugawe ndi kutalika kwake. Yankho lake ndi mainchesi amene mzere uyenera kumalizira kuzungulira kamodzi. Apa pali chinthu chimene ngakhale eni mfuti ambiri amachisokoneza. Amati chipolopolo cholemera chimafuna mizere yopotoka kwambiri, pamene masamuwo satchula n'komwe kulemera. Chovuta ndi kutalika. Mumpope umodzimodzi, kawirikawiri chipolopolo chimalemera chifukwa chotalika, ndipo chachitali chimafulumira kupidiguka m'malere ngati sichikuzungulira mokwanira. Umboni wake ndi mfuti ya .303, imene inabwera mu 1888: chipolopolo chake choyamba chinkalemera magalamu 14 okha, osafika ndi theka lomwe la cha Martini-Henry, koma pokhala chowonda ndi chachitali chinafuna kuzungulira kamodzi pa mainchesi 10.

Mizere imeneyi inalowa mpaka m'malamulo, ndipo kwa ine apa ndi pamene mbiri ya mfuti kwathu kuno yagona. Mu 1890 maiko a ku Ulaya ndi ena anasainirana pangano ku Brussels, ati lothetsa malonda a akapolo. Panganolo linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linasiya khomo la mfuti zachikale zoyatsira mwala, zopanda mizere, pamodzi ndi wonga wamba wamalonda. Kunena mosabisa, munthu wakuda analoledwa mfuti yophonya, yolunjika n'kukhala ya boma ndi azungu.

Kulowa kwa azungu m'dera lino kunachitika mofulumira. Pa 28 November 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere, ndipo ya Kongwe inatsatira mu 1894. Mu 1891 Harry Johnston anayamba kulamulira dziko lino ali ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India, ndipo mfuti za boma za m'zaka zimenezo, zonga Snider ndi Martini-Henry, zinali zamizere ndiponso zolowetsera chipolopolo kumbuyo. Kumapeto kwa 1895 linga la Mwase Kasungu, lija linkabweza Angoni, linagwa, ndipo mfumuyo inadzipha m'malo mogwidwa. Anyamata a kuno anadzaigwira mfuti yamizere atavala yunifolomu ya King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo .303 anapita nayo kunkhondo ziwiri zikuluzikulu. Pobwerera kumudzi ankaisiya kukampu.

Alenje achizungu ndiwo anali ndi mwayi wokangana za kulemera kwa zipolopolo. John Taylor, wodziwika ndi dzina loti Pondoro, amene anapha njovu zambiri m'chigwa cha Zambezi cha ku Tete, analemba buku lotchedwa African Rifles and Cartridges mu 1948, ndipo ankaikira kumbuyo chipolopolo cholemera, cholowa mozama, osati chopepuka chongothamanga. Mkanganowo sunathe. Asilikali a America nawo anakumana ndi masamu a Greenhill pa mfuti ya M16: atasinthira ku zipolopolo zazitali m'zaka za m'ma 1980, anafupikitsa mizere kuchoka pa mainchesi 12 kufika pa 7. Ku South Africa, kumene lamulo limalola mwini mfuti wachiphaso kudzikonzera zipolopolo, alenje amayeza wonga pa sikelo, amatsata mabuku a opanga wongawo, ndipo asanagule chipolopolo cholemera amayamba afunsa za mizere ya mpope wawo.

Ku Dowa ndi ku Ntchisi njira imeneyo sinafikeko. Gogodera anatsala wolondera chimanga kwa nguluwe ndi anyani, wina wosulidwa mobisa ndi mipope wamba imene sinapangidwire moto wa wonga, yoopsa kwa mwini wake kuposa ija ya ku Birmingham. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna chiphaso, ndipo kupanga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Nyama nazo zinachepa. Nkhalango ya Ntchisi inatetezedwa mu 1924, ndipo ya Nkhotakota, imene imachita malire ndi boma la Ntchisi, inatsala ndi njovu zosakwana 100 pamene bungwe la African Parks linkayamba kuisamalira mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anachita kutuntha njovu pafupifupi 500 pamalole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete.