Kutola zithunzi ndi foni kuno ku Dedza: zofunika kudziwa musanadine

Sabata iliyonse ndimalandira zithunzi pa WhatsApp kuchokera kwa anthu a pa boma pano komanso a ku Bembeke, Linthipe, Lobi ndi Chimbiya. Wina watola mzere wa feteleza, wina mjigo woti unafa kalekale, wina maenje a mumsewu. Nkhani zake zimakhala zenizeni, koma zithunzi zambiri sizithandiza. Dzinja lapitali bambo wina wa kwathu anatola kamlatho komwe ana asukulu amawolokerapo, madzi atadya mbali imodzi. Titakaonetsa kwa oyenera kukonza, anangofunsa kuti, "Nanga vuto lili pati apa?" Sindinawaimbe mlandu. Pachithunzipo pankaoneka thambo la mbee, pansi pali bii, basi.

Ambiri amati vuto ndi foni: "Yanga ndi ka itel, sikangafanane ndi Samsung." Pang'ono n'zoona. Koma foni iliyonse, yodula kapena yotchipa, ili ndi kachipangizo kolandira kuwala kosaposa chikhadabo kukula kwake. Imadalira kwambiri kuwala komwe inuyo mwaipatsa, ndipo kuwala kwa kuno kuli ndi khalidwe lakelake.

Tawuni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja zamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Masana dzuwa likakhala paliwombo limawala mwaukali. Munthu mukamutola nthawi imeneyo, maso amalowa mumdima, chipewa chimaphimba nkhope yonse. Nthawi yabwino ndi m'ma 7 mpaka 9 koloko m'mawa, kapena kuyambira 3 koloko madzulo dzuwa litapendeka. Ngati nkhani yachitika masana ndipo simungadikire, muimikeni munthuyo pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo, ayang'ane komwe kukuchokera kuwala. Tsiku la mitambo musalinyoze. Nkhope ndi katundu zimatuluka bwino kuposa tsiku la dzuwa loswa mtengo.

Chomwe chinapha chithunzi cha kamlatho kaja ndi ichi: foni imayeza kuwala kwa zonse zomwe ikuona n'kusankha pakatikati. Thambo loyera likatenga theka la chithunzi, foni imaganiza kuti kwawala kwambiri ndipo imadetsa zonse. Khungu lathu lakudali ndi lomwe limayamba kutayika. Mankhwala ake ndi osavuta. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chakumbali. Tsitsani foni pang'ono kuti thambo lichepe. Kenako gwirani pasikirini pomwe pali nkhope kapena chinthu chomwe mukufuna. Foni imalunjika pomwepo, ndipo pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa komwe mungasunthe kuti kuwala kuwonjezeke kapena kuchepe. Ngati kamera yanu ili ndi HDR, yatsani: imatola zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza, kuti powala ndi pamdima paoneke ponse. Kumbukiraninso kuti mu June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mukayang'ana kumpoto masana mukulimbana nalo maso ndi maso.

Miyezi yomweyo ndi ya chifunga. Ine ndimachikonda, makamaka chikagwira mitengo ya paini m'mphepete mwa phiri, koma foni imachisandutsa phulusa. Wonjezerani kuwala pang'ono ndi kachizindikiro kaja, ndipo pakhale chinthu chapafupi, kaya wakabaza kaya mtengo, kuti diso lipeze pogwira. Chisanu chimathanso batire msanga, foni izikhala m'thumba lamkati. Mu September ndi October utsi wa lupsa ndi fumbi zimaphimba zakutali. Amene akufuna chithunzi cha chigwa cha Golomoti ali pa Khwekhwerere adikire mvula yoyamba itsuke mpweya.

Tsono zazing'ono zomwe timaziiwala. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa musanatole. Foni yakhala m'thumba, mwaigwira mutangodya tchipisi pa chiwaya, ndiye mukudabwa kuti zithunzi zikutuluka mbuu? Zumu isiyeni. Pa mafoni ambiri zumu imangodula chithunzi n'kuchitanula, sikuti imakufikitsani pafupi. Yendani ndi miyendo. Kukayamba mdima kamera imatsegula nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala, choncho kugwedezeka pang'ono kokha chithunzi chaonongeka. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitsamire pathupi, kapena tsamiritsani foni pakhoma. Fulashi imafika mamita ochepa chabe. Kumsonkhano wa usiku imangowalitsa mitu ya omwe akhala kutsogolo kwanu.

Chithunzi cha nkhani chiyenera kuyankha funso la munthu yemwe sanafikeko. Ine ndimatola zitatu: chapatali choonetsa malo, ndi chikwangwani kapena nyumba yodziwika, chapakati choonetsa vuto ndi anthu omwe likuwakhudza, ndi chapafupi choonetsa mng'alu weniweniwo. Dzenje palokha silioneka kukula kwake, imikanipo njinga kapena ndowa. Amayi ogulitsa kachewere ndi tomato kwa makasitomala a ku Lilongwe, njira ndi yomweyo: katundu pamthunzi wowala, pa thumba loyera, mbatata imodzi ili m'manja kuti wogula aone kukula kwake. Zosefa mitundu zija musaziyatse. Wogula akalandira tomato wosiyana ndi wa pachithunzi sabweranso.

Potumiza, WhatsApp imafinya chithunzi kuti isadye bandulo yambiri, ndipo chikadutsa m'magulu angapo kapena wina akachitola pasikirini chimafika chitatheratu. Ngati n'chofunika, chitumizeni ngati Document kapena dinani HD. Choyambirira musafufute, chimasunga tsiku ndi nthawi yomwe chinatoledwa, zomwe zimathandiza wina akayamba kunena kuti n'chakale.

Pali malo ena pomwe luso silikwanira. Ku Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ena amathira madzi pamwala kuti zofiira zija zioneke bwino pafoni. Chonde, musatero, ndipo musagwire n'komwe. Ku Mphunzi, Namzeze kapena Chencherere zimitsani fulashi, imani chammbali pang'ono, gwirani pasikirini pomwe pali chojambulacho n'kuchepetsa kuwala. Mitundu imatuluka yokha. Gule wamkulu satoledwa mwachisawawa, yambani mwapempha kwa eni dambwe kapena amfumu. Pamaliro funsani achibale. Ana a eni musawaike pa Facebook makolo asakudziwa.

Ndipo pangozi za pa M1, zomwe anthu amathamangira ndi mafoni m'mwamba: tolani galimoto, msewu ndi malo, osati nkhope za ovulala kapena omwalira. Zoterozo ndikalandira sindizipititsa kwa wina aliyense, chifukwa pali mayi kwinakwake yemwe sanauzidwe.