Nissan 1400 ndi Ntchito Yoikonzanso Pakhomo

Nissan 1400 ndi galimoto yaing'ono yonyamula katundu, ya mtundu wa pikapu, imene inkapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi mzinda wa Pretoria ku South Africa. Tikawerengera ndi zaka zimene inkadziwika ndi dzina la Datsun, inapangidwa kwa zaka 37, kuyambira 1971 mpaka 2008, ndipo zogulitsidwa zonse zinakwana pafupifupi 275,000. Masiku ano ili m'gulu la magalimoto akale amene anthu amagula atatheratu, n'kuwamasula chitsulo ndi chitsulo pabwalo la nyumba, kenako n'kuwamanganso. Ena amaibwezera momwe inatulukira ku fakitale, pamene ena amasintha injini, matayala ndi maonekedwe.

Mbiri yake

Galimotoyi inachokera ku Japan. Mu 1966 kampani ya Nissan inatulutsa galimoto yaing'ono ya banja yotchedwa Datsun Sunny, ndipo dzina la Sunny linapezeka pa mpikisano umene anthu anatumizako makalata oposa 8 miliyoni. Chaka chotsatira panatuluka pikapu yoyamba ya Sunny, ya nambala B20. Mu 1970 Sunny inasinthidwa maonekedwe n'kupatsidwa nambala B110, ndipo kunja kwa Japan inkagulitsidwa monga Datsun 1200. Pikapu yochokera pa iyoyo, B120, inatuluka mu February 1971. Kuyambira pa bampala mpaka pa zitseko inali Sunny yomweyo; kumbuyo kokha ndiko kunasanduka malo a katundu. Injini yake inali A12, ya 1,171 cc.

Chodabwitsa n'chakuti Sunny ya banja inapitiriza kusintha zaka zingapo zilizonse, mpaka mu 1981 inayamba kukoka ndi matayala akutsogolo, koma pikapu inakhalabe ndi thupi la 1971. Ku Japan inapangidwa mpaka 1994. Kusintha kwakukulu kumene inalandira kumeneko kunali mu 1989, pamene nyali zozungulira zinachotsedwa n'kuikapo za makona anayi, ndipo kutsogolo kunabwera mabuleki a disiki. Ku Australia inagulitsidwa mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko amaipangitsa mipikisano ya liwiro. Ku United States sinagulitsidweko yatsopano. Dzikolo limalipiritsa msonkho wa 25 peresenti pa mapikapu ochokera kunja kuyambira 1964, ndipo Datsun inali kale ndi mapikapu okulirapo pa msika umenewo.

Moyo wautali kwambiri galimotoyi inaupeza ku South Africa. Inafika mu 1971 monga Datsun 1200, mu 1976 inatchedwa 120Y, ndipo mu 1980 inalandira injini ya A14 ya 1,397 cc pamodzi ndi dzina la 1400. Nambala yake ya ku fakitale inakhala B140. Kampani itasiya dzina la Datsun pa dziko lonse m'zaka za m'ma 1980, pikapuyi inadzatchedwa Nissan 1400. M'kupita kwa zaka inalandira giyabokosi ya magiya asanu, mabuleki a disiki kutsogolo, ndi denga lokwezedwa pang'ono kuti munthu wamtali asamagunde mutu. Kupatula zimenezi, ya 2008 ndi ya 1980 n'zapachibale kwambiri moti masipeya ambiri amalowana, ndipo apa ndi pamene pagona mwayi wa munthu wokonza pakhomo.

Opikisana nayo analipo. Ford Bantam inabwera mu 1983, panalinso Mazda Rustler ndi Volkswagen Caddy, ndipo pambuyo pake Opel Corsa Utility ndi Fiat Strada. Onsewa ankakoka ndi matayala akutsogolo. Nissan 1400 yokha inakhalabe yokankha ndi akumbuyo, kumene katundu amalemera, ndipo alimi ndi amisiri omanga ankaikonda pa chifukwa chimenechi. Chimene chinaithetsa si kusowa ogula ayi, koma malamulo atsopano okhudza utsi ndi chitetezo cha okwera, amene galimoto ya kabureta ndi thupi la 1971 sikanakwanitsa. Zomaliza 150 zinatuluka ndi dzina la Heritage Edition. M'malo mwake munalowa NP200, yochokera pa Dacia Logan, imene nayonso inasiya kupangidwa mu 2024.

Tinganene kuti Nissan 1400 ndi imodzi mwa magalimoto amene anathandiza mabizinesi ang'onoang'ono ambiri a kumwera kwa Africa kuyamba ndi mpamba wochepa.

Kapangidwe

Injini ya A14 ili ndi masilinda anayi ndi mavavu asanu ndi atatu, imamwa petulo kudzera mu kabureta, ndipo imatulutsa mphamvu ya 47 kW. Ilibe lamba wa tayimingi. M'malo mwake muli tcheni. Kumbuyo galimoto imakhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikizana, ndipo marimu ake ndi a mainchesi 12. Katundu wololedwa ndi wosakwana pang'ono makilogalamu 600. Mulibe kompyuta, ndipo chiwongolero chimatembenuzidwa ndi mphamvu ya manja basi.

Mfundo imodzi ndi yofunika kuposa zonsezi. Mapikapu ambiri, monga Toyota Hilux, ali ndi chasisi yapayokha imene kabini ndi bokosi la katundu zimamangiriridwapo ndi mabawuti. Nissan 1400 si yotero. Kabini ndi bokosi zinawotchereredwa pamodzi kukhala thupi limodzi, ndipo mphamvu ya galimoto ili m'malata omwewo. Choncho dzimbiri limene pa Hilux likanangoipitsa maonekedwe, pa 1400 limadya msana weniweni wa galimoto.

Ntchito ya pakhomo

Odziwa amati pogula munthu ayang'ane thupi, asatengeke ndi kulira kwa injini. Injini yotopa imakonzeka, ndipo ina yogwirapo kale ntchito sivuta kupeza, koma thupi lowola limadya miyezi ndi ndalama. Dzimbiri limakonda pansi popondera mapazi, m'munsi mwa zitseko, pansi pa batire pamene asidi amadonthera, m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, ndi pakona pamene bokosi limakumana ndi kabini. Pamenepa pamaunjikana dothi, madeya ndi feteleza wotayika m'matumba, ndipo feteleza akanyowa amadya chitsulo msanga zedi. Wogula wanzeru amanyamula kamaginito kokutira m'kansalu, n'kumayendetsa pa thupi lonse. Pamene kagwira, pali lata. Pamene kagwa, wina anamatapo fila wokhuthala n'kupaka penti pamwamba. Amachotsanso mphasa ya pansi n'kubaya ndi sikuludiraiva; ngati yalowa, ntchito yowotcherera ilipo.

Kumasula ndi kokoma ndipo kumatha msanga, n'chifukwa chake magalimoto ambiri otere amathera pa njerwa kuseri kwa nyumba, udzu n'kumera pansi pake. Chimene chimapulumutsa ntchito ndi dongosolo: kujambula chithunzi pa foni chisanamasulidwe chilichonse, kuika mabawuti a malo amodzi m'kathumba kolembedwa dzina, ndi kumata kapepala pa waya aliyense asanazulidwe. Pokwawira pansi, jeke yokha siyenera kudaliridwa. Galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo, pamalo olimba, matayala otsala atawaikira miyala kapena matabwa.

Lata la thupi ndi lopyapyala. Makina owotcherera a ndodo amene amapangira mageti ndi mafelemu a mawindo amaliboola m'malo molilumikiza, ndiye pamafunika makina a MIG kapena mmisiri wa gasi wa dzanja lofatsa. Amadula chowola mpaka pa chitsulo chabwino, kusema chigamba cholingana, n'kuwotcherera kadontho apa, kadontho uko, kudikira pazizire kuti lata lisapindike. Thanki ya petulo iyenera kuchotsedwa ndi kuikidwa kutali moto usanayatsidwe.

Injini ndiyo imasangalatsa wophunzira. Malo ake ndi otakasuka moti dzanja limafika paliponse, ndipo masipanala a 10, 12, 14 ndi 17 amamasula pafupifupi chilichonse. Kutchuna mavavu ndi ntchito ya madzulo amodzi. Injini ikatentha, munthu amachotsa chivundikiro cha pamwamba, kuzunguza injini ndi sipanala mpaka silinda ifike pamalo pake, n'kulowetsa kachitsulo koyezera ka 0.35 mm pakati pa vavu ndi kamkono koikankha. Kachitsuloko kayenera kudutsa mokokera pang'ono, osalowa mwaulere, osakananso. Akamanga nati amayezanso, poti pomanga mpata umasuntha. Pa injini zakale za mapoyinti mpata wake ndi pakati pa 0.45 ndi 0.55 mm, ndipo mawaya a mapulagi amatsata dongosolo la 1-3-4-2. Injini imene inkagogoda ndi kutsokomola ikayamba kulira mosalala zitatha izi, munthu amamva kukoma kumene sikugulidwa ku galaji.

Zosintha

Kusintha kofala ndi kutsitsa galimoto ndi kuika marimu a mainchesi 13, 14 kapena 15. Mabowo a marimu ndi anayi pa muyeso wa 114.3 mm, wofanana ndi wa magalimoto ambiri akale a ku Japan. Kumbuyo amaika timabuloko pakati pa masipuling'i ndi ekiselo. Ena amadula masipuling'i akutsogolo ndi chopukusira, koma njira imeneyi imawononga mashoko ndipo galimoto imadumphadumpha pa msewu.

Ofuna mphamvu amayamba ndi A14 yomweyo: makabureta awiri a Weber, kamu yakuthwa ndi ekizozi yotakasuka, kapena kuikamo A15 ya 1,487 cc imene imakhala pa malo omwewo. Opitirira apo amalowetsa injini zina monga SR20 ndi CA18 za Nissan, 4A-GE ya Toyota, kapena rotary ya Mazda. Zoterezi zimaoneka pa mipikisano ya ku Tarlton, kumadzulo kwa Johannesburg. Koma galimoto yopepuka chonchi, yopanda kanthu kumbuyo, ikapatsidwa mphamvu yowirikiza katatu imaterereka mosavuta, ndipo difu yake sinapangidwire zimenezo. Ndalama yoyamba ndi bwino ipite ku mabuleki, mapaipi ake, mabushi ndi malamba a pampando. Ndipo kwa munthu amene akufuna galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku, A14 yokonzedwa bwino ndi yokwanira.

Maina ndi ntchito zake

Si magalimoto ambiri amene anapatsidwa maina ochuluka chonchi. Ku Japan, kumene inkatchedwa Sunny Truck, dzinali analifupikitsa kukhala Sanitora. Kumeneko kunabadwanso Hakotora, pikapu yomweyi itavekedwa nkhope ya Nissan Skyline ya cha m'ma 1970 imene amaitcha Hakosuka. Ku Australia ndi "1200 ute". Ku South Africa pikapu iliyonse ndi bakkie, koma iyi olankhula Afrikaans anaipatsa dzina la Kanniedood, kutanthauza chinthu chosafa. Otsatsa malonda ankaitcha Champion of Africa, ndipo mtundu wake wokongoletsedwa, wa mizere m'mbali, unkatchedwa Champ. Dzina la Champ linakakamira mpaka anthu ambiri amaitana nalo 1400 iliyonse, ngakhale yopanda mzere ndi umodzi womwe. Achikulire ambiri amangoti Datsun, ngakhale pa chitseko chakumbuyo palembedwe Nissan.

Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe amene anagwirapo ntchito ku Joni amaidziwa bwino. M'makomboni a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town ndiyo imanyamula makwerero ndi zitini za penti, makina otchetchera kapinga, zitsulo zakale zokagulitsa pa sikelo, ndi katundu wa munthu amene akusamuka nyumba ya lendi pakutha pa mwezi. Mabwana a ntchito zomanga amatengera antchito awo kumbuyo kwake m'mawa kuli chisanu, onse atadzikuta mabulangeti ndi zipewa za ubweya. Eni ambiri amaikako kanope ya fayiba kuti zida zisanyowe kapena kubedwa, ena amawotcherera zitsulo zazitali m'mbali kuti mapaipi ndi matabwa azigona pamwamba pa denga.

Popeza Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique amayenda kumanzere kwa msewu monga South Africa ndi Japan, galimotoyi imawoloka malire popanda kusintha chiwongolero. Ikafika kuno ku Malawi imagwira ntchito imene pikapu iliyonse imagwira: matumba a chimanga ku chigayo, tomato ndi kabichi ku msika, feteleza nyengo ya dzinja isanafike, mipando ya pa ukwati, ndi matola pa njira zimene minibasi sizifika. Muyeso wa fakitale ndi matumba 11 a makilogalamu 50, koma pa ntchito zoterezi umapitirira, ndipo amisiri amawonjezera chitsulo chimodzi kapena ziwiri pa masipuling'i akumbuyo. Kusintha kumeneku n'kosiyana kotheratu ndi kwa anyamata a ku Japan: iwo amatsitsa galimoto kuti ikongole, kuno amaikweza kuti isakhule pansi. Wogula 1400 imene inagwirapo matola ayang'anitsitse pamene masipuling'i amagwirira thupi, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Masipeya ang'onoang'ono munthu angafunse ku Ndirande mu Blantyre kapena ku Biwi mu Lilongwe, pamene malata a thupi, magalasi ndi mphira za zitseko kawirikawiri zimaitanitsidwa ku South Africa, kumene mashopu a masipeya akugulitsabe zatsopano.

Zikalata

Nambala ya injini ndi ya thupi ziyenera kufanana ndi zolembedwa m'zikalata, ndipo izi zitsimikizidwe ndalama isanaperekedwe. Ku South Africa, wosintha injini amafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti injiniyo si yakuba, kenako galimoto ikayesedwe ngati ili yoyenera pa msewu. Ku Malawi, yochokera kunja imalipiridwa msonkho ku MRA, ndipo kusintha injini kapena mtundu wa penti kuyenera kukalembetsedwa ku Road Traffic, kumene galimoto imapimidwanso kuti ilandire chikalata cha COF. Risiti yogulira injini ina isungidwe pamodzi ndi blue book, popeza ndiyo umboni wa komwe injiniyo inachokera.