Mpweya Umabwera ndi Khalidwe la Kwawo

Nyengo ya pamudzi siyambira pamudzipo. Mvula ya ku Mchinji ndi chisanu cha ku Thyolo zimachokera kutali, ndipo mawu amene a Nthambi Yoona Zanyengo amalankhula pa wailesi amalongosola ulendo wa nyengoyo.

Gwero la zonse ndi chimpweya chachikulu chimene chimakhazikika kwa masiku pamwamba pa nyanja kapena pamtunda, n'kutengera kutentha ndi chinyezi cha malowo. Chikanyamuka, chimapita nalo khalidwe limenelo. Mukamva zoti kwalowa mpweya wochokera ku Congo, dziwani kuti ndi wofunda komanso wodzaza chinyezi, ndipo umagwetsa mvula yokuta madera ambiri.

Chimene chimauyendetsa ndi kulemera kwake. Mpweya umachoka kumene walemera kupita kumene wapepuka, monga madzi atsetserekera kudambo, ndipo kuyendako ndiye mphepo. Kulemeraku amakuyeza m'ma hectopascal, ndipo pagombe la nyanja ya mchere nthawi zambiri kumakhala cha m'ma 1013. Kumene mpweya wapepuka umakwera, n'kuzizira, chinyezi n'kusanduka mitambo. Kumene walemera umatsika, kumwamba n'kuyera.

Mpweya wozizira ndi wofunda zikakumana sizisakanikirana msanga. Pakati pake pamakhala malire. Wozizira umalowa kunsi n'kukankhira wofunda m'mwamba, ndipo m'malire monsemo mumachita mitambo ndi mvula. Azanyengo amawatcha malirewa kuti cold front. Malire otere amawomba Cape Town m'miyezi yozizira. Kawirikawiri safika kuno, koma mpweya wolemera wobwera pambuyo pake umakankha mphepo yachinyezi kuchokera kunyanja ya Indian kudutsa ku Mozambique. Mphepoyo ikakwera mapiri a kummwera imabala chiperoni, chifunga ndi mvula yamawawa ija, dzina lake lochokera ku phiri la Chiperone. Panyanja ya Malawi mphepo yomweyo ndiye mwera.

Dzinja lathu limadalira mkumano wamtundu wina, wotchedwa ITCZ, pamene mphepo za kumpoto ndi za kummwera, zonse zofunda, zimakumana n'kukwera pamodzi. Mkumanowu umatsata dzuwa. Ukakhazikika pa ife pakati pa Novembala ndi Epulo, mbewu zimakondwa. Ukasunthira kwina, mpweya wa ku Congo n'kusowanso, ng'amba imaluma.

Mawu amenewa si a akatswiri okha. Msodzi wa ku Nkhotakota amene wamva za mpweya wolemera kummwera amadziwa kuti mwera uli m'njira, ndipo bwato amalisiya pamtunda. N'chifukwa chake mawuwa ayenera kuphunzitsidwa momveka m'sukulu ndi pa wailesi, kuti ulosi wa zanyengo uzithandiza munthu kusankha tsiku lodzala ndi tsiku lopalasa bwato.