Tiasilikali ta patebulo, asilikali a ku Waterloo

Ku Britain ndi m'mayiko ena a ku Ulaya kuli anthu amene amatha miyezi akupenta tiasilikali tachitsulo ndi tapulasitiki, tambiri totalika mamilimita 28, kuti akatindandalike patebulo poyerekeza nkhondo ya ku Waterloo. Amayala nsalu yobiriwira, n'kuikapo timapiri ndi tinyumba ta mafamu a Hougoumont ndi La Haye Sainte. Mtunda amayeza ndi tepi, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Masewerawa sadayambe dzulo: asilikali a ku Prussia adalandira masewera a Kriegsspiel mu 1824 kuti aziphunzirira nkhondo pamapu, ndipo H. G. Wells adatulutsa malamulo ake m'buku la Little Wars mu 1913. Chichewa chili ndi mawu okwanira kufotokoza zonsezi, bola wolemba asachiumirize kuyenda m'mapazi a Chingerezi.

Limodzi mwa mabuku a malamulo amene osewera amatsata lero limatchedwa Black Powder. Dzina la bukulo lisiyeni momwemo, koma chinthu chimene likunenacho musachitche "ufa wakuda". Ufa ndi wa nsima. Chothira mumfuti ndi wonga, mawu amene makolo athu adawadziwa kuyambira masiku amene amalonda a minyanga ndi akapolo ankabwera ndi mfuti kuchokera kugombe. Mfuti yothira wonga ndi chipolopolo chakukamwa, n'kutsendera ndi kandodo, ndi ya gogodela. Mfuti yaikulu yokokedwa ndi akavalo ndi mzinga. Mawu oyenera amamveketsa nkhondo yeniyeniyo: wonga umafuka utsi wochindikala, gogodela sankalasa bwino patali, ndipo msilikali waluso ankawomba kawiri kapena katatu pamphindi. N'chifukwa chake asilikali ankaima phewa ndi phewa n'kuwombera pamodzi, n'chifukwa chakenso osewera amaika thonje loyerekeza utsi kutsogolo kwa gulu limene lawomba.

Mneni nayenso asankhidwe bwino. Anthuwa sakubwereza nkhondo, pakuti chobwerezedwa chimachitikanso monga chidachitikira. Akuyerekeza, ndipo patebulo Napoleon atha kupambana. Tinenenso kuti akusewera, osati akuseweretsa. Woseweretsa chinthu ndi amene sakuchisamala, pomwe awa amawerenga mabuku kuti adziwe ngakhale mtundu wa kolala ya yunifolomu ya gulu lililonse.

Pamene ndikufuna tisamalepo koposa ndi pa mgwirizano wa mawu. Chichewa chili ndi gulu la ka- ndi ti- la zinthu zazing'ono, ndipo dzina likalowa m'gulu limeneli, chiganizo chonse chimalitsata. Sitinena kuti "tiasilikali ofiira akubwerera". Timati "tiasilikali tofiira tikubwerera", "kamsilikali aka kagwa", "timizinga tiwiri tawomba". Wina angati n'zazing'ono, koma ti- ameneyu ndiye malire pakati pa chidole ndi munthu. Pa 18 June 1815 Napoleon adafika ku Waterloo ndi asilikali a Chifalansa pafupifupi 72,000, mdani wake Wellington adali ndi pafupifupi 68,000, ndipo dzuwa litapendeka adatulukira asilikali a Blücher a ku Prussia kudzathandiza Wellington. Pofika usiku, anthu oposa 40,000 adali atafa kapena kuvulala. Amenewo sitingawatche tiasilikali. Adali ana a anthu, ndipo chinenero chiwapatse a- wawo.

Nthawi ya mneni igwire ntchito yomweyo. Za mu 1815 tizinene ndi -da-: okwera pa akavalo a Marshal Ney, wa mbali ya Napoleon, adathamangira asilikali a Wellington, amene adaima m'mabwalo a ngodya zinayi mipeni ya kumfuti italoza kunja, ndipo adalephera kuwaswa. Za patebulo tizinene ndi -ku- kapena -a-: tiakavalo taswa bwalo, gulu lathawa. Funso limene limakokera anthu kumasewerawa lili ndi kanenedwe kakekake: Blücher akadachedwa, kodi Napoleon akadapambana? Wolemba akasakaniza zitatuzi n'kulemba kuti "Afalansa adalanda Hougoumont" pofotokoza masewera a Loweruka, mwana wa sukulu amene wawerenga adzatenga bodza n'kuliyesa mbiri, chifukwa famu imeneyo sidagwe tsiku lonse. Famu ya La Haye Sainte ndiyo idalandidwa chakumadzulo.

Amene amapenta tiasilikaliti salola batani kukhala pamalo olakwika. Ifenso olemba, aphunzitsi ndi owulutsa mawu tisalole ti- kulowa pa a-, kapena -ku- kulowa pa -da-. Owerenga ali ndi ufulu wodziwa, pa chiganizo chilichonse, ngati tikunena za madayisi kapena za anthu amene adafa.